Kutera pa Kachinkhupule

Ine ndine wolongolola. Amayi anga ku Dedza amati ndinayamba kuyankhula mano asanamere, ndipo ana a Fomu 3 amene ndimawaphunzitsa fizikisi kufupi ndi Manyamula angakuuzeni kuti mpaka lero sindinapumeko. Ndiye tangoganizani munthu wotere kukakwatiwa pakhomo pamene pali munthu mmodzi amene saloledwa kumuyankhula.

Munthuyo anali apongozi anga aamuna, a Zondwayo Zgambo, bambo awo a amuna anga a Bennet. Pabanja pawo pali mwambo wakuti mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, sayankhula ndi apongozi aamuna ndipo sakhala nawo pafupi, mpaka iwowo atamupatsa kanthu komutsegulira pakamwa, kaya nkhuku kaya mbuzi. Zimenezi zimachitika phwando la ukwati likangotha. Koma ife phwandolo litangotha kunagwa maliro ku Euthini. Maliro atatha sukulu inatsegulira, kenaka a Bennet anakwera basi ya ku Joni kukagwira ntchito ya zomangamanga. Nkhani ya pakamwa panga inangozizira, ndipo zaka ziwiri zinadutsa palibe woikumbutsa.

Holide iliyonse ndinkapita kumudziko, kummwera kwa Manyamula, kukathandiza ntchito. Ndikakumana ndi a Zgambo panjira ndinkapatukira m'maudzu ndi kugwada, iwo n'kudutsa akuyang'ana kumbali. Moni wam'mawa unkadzera kwa apongozi aakazi, a Esme NyaSoko. Iwowo, potchula apongozi aamuna m'Chitumbuka ndi ine pa dzina la mfunda wanga, ankandiuza kuti, "Atatavyala winu akuti mwadzuka bwanji, NyaMbewe," ine n'kuyankha, iwo n'kukapereka yankho kwa munthu amene anali pomwepo ndipo wamva zonse.

Akanakhala munthu wouma nkhope sindikanadandaula. Koma a Zgambo ndi munthu wa nthabwala, woseka chikhakhali mpaka nkhuku kubalalika. Palibe wailesi pamudzipo imene sanaimasulepo kuti aone chimene chimayankhula mkatimo, ndipo zina mwa wailesizo sizinayankhulenso. Ali ndi njinga yamoto imene a Bennet anawatumizira, ndipo ku Manyamula konse amadziwa kuti a Zgambo akamabwera muchoke pakhonde la golosale, poti iwo mabuleki amawakumbukira atafika kale. Ndinkamva nkhani zawo ndili kukhitchini, lilime likundiyabwa kuti ndiponyepo mawu, koma n'kungomeza malovu.

Zinkandipweteka, ndisaname. Ndinayamba kuganiza kuti sanaiwale ayi, koma sakundifuna: Mchewa wobwera, wa mabuku, komanso mwana palibe mpaka pano. Ndikawadandaulira a Bennet pafoni ankangoseka. "Adada ndi choncho, Lucia, osadandaula." Kuseka n'kosavuta ukakhala ku Joni.

Holide ya mu Ogasiti ndinapita ndi laputopu yanga. Mphunzitsi mnzanga wa ku boma la Mzimba anali atandiikiramo pulogalamu yoyeserera kuyendetsa chombo cha mumlengalenga. Mmenemo muli mapulaneti onse ndi miyezi yake, chilichonse chikuyenda ndi kukoka zinthu motsanzira zenizeni. Ndinkafuna kudzaonetsa ana anga kuti mphamvu yokokera zinthu pansi si yofanana paliponse, ndiye ndinasankha kamwezi kakang'ono ka pulaneti ya Saturn, kotchedwa Hyperion, kuti ndiphunzire kuterapo ndisanakachite manyazi m'kalasi.

Kamweziko ndi konyansa mokondweretsa. Sikozungulira ngati mwezi wathu. Ndi kopindikapindika, maenje thupi lonse, ndipo m'malo mozungulira mwaulemu kamangogubuduzika mmene kafunira. Kukoka kwake ndi kofooka kwambiri, moti chombo chikagunda pansi molimba pang'ono chimanjanja n'kubwerera kumwamba. A NyaSoko atasuzumira tsiku lina ndili kuseri kwa khitchini anafunsa kuti n'chifukwa chiyani ndikujambula chinkhupule chakutha. Kuyambira pamenepo dzina lake pakhomopo linakhala Kachinkhupule.

Magetsi a sola pamudzipo ali m'nyumba ya a Zgambo mokha. Ine sindinkalowamo iwo alimo, choncho a NyaSoko ndiwo ankanditengera laputopu kukaitchaja. Tsiku lina ndinangoitseka osazimitsa pulogalamu. Kumusiyira munthu womasula wailesi chinthu chokhala ndi chivindikiro, mukuganiza kuti angachite chiyani? Dzuwa litapendeka a NyaSoko anabwera kumene ndinkatong'ola chimanga, manja ali kumbuyo.

"NyaMbewe, atatavyala winu akufunsa kuti ndege ili m'makina mwanu ija ndi ya ndani."

"Ndi yoyeserera chabe, amama. Ndi ya sukulu."

Anapita, n'kubweranso. "Akuti imakwereka?"

Mawa lake masana tinakhala pakhonde motere: a Zgambo pampando wawo, laputopu ili pakatebulo patsogolo pawo, magalasi ali pamphuno. Ine ndinagwada pamphasa kumapeto kwa khonde, kumbuyo kwawo, khosi litatalika kuti ndizitha kuona sikirini. Pakati pathu panakhala a NyaSoko ndi lichero la chimanga. Kudzera mwa iwowo ndinafotokoza kuti batani lalikulu ndi la injini, limakankhira chombo kumwamba. Timabatani tinayi ta mivi n'totembenuzira. Ndipo nambala ya pakona imasonyeza liwiro limene chombo chikugwera, ikhale yaing'ono ndithu pofika pansi. Kufotokoza kokhako kunatitengera masana onse, koma a Zgambo anagwira msanga kuposa theka la kalasi langa.

Saturn itatulukira koyamba kuseri kwa kamwezi kaja, yachikasu, itavala mikombero yake ngati zibangiri, a Zgambo anavula chipewa.

"Mufunseni mkamwana, ichi chilipodi kumwambaku?"

"Akuti chilipodi?"

"Chilipo, amama. Ndi kamwezi komwe kalipo."

"Akuti chilipo."

"Yayi, Chiuta ngwakofya, Mulungu ngoopsa," anatero a Zgambo, ndipo anakhala kanthawi akungoyang'ana.

Mavuto anayamba pa kutera. Kutera pa Kachinkhupule kumafuna dzanja lopepuka ndi kukonza zinthu pompopompo. A Zgambo dzanja lawo ndi lolemera, lozolowera khasu ndi goli la ng'ombe. Ndipo mawu anga, kuti akafike kwa iwo, ankayenda ulendo wautali.

"Amama, auzeni achepetse moto," ndinanong'ona, nditaona chombo chayamba kukwera m'malo motsika.

A NyaSoko anaika lichero pansi, n'kukonza chitenje, n'kutsokomola pang'ono, n'kuitana amuna awo pa dzina la mwana. "Awiske Bennet."

"Mm?"

"Mkamwana winu NyaMbewe akuti, ndapota, ngati sikukuvutani, mwina motowo mungauchepetseko pachoko."

"Moto uti?"

A NyaSoko anatembenukira kwa ine. "Akuti moto uti?"

Pamene yankho linkafika, chombo chinali chitapita kutali, Kachinkhupule kakuoneka ngati njere ya nsawawa.

Ulendo wotsatira anatsika mothamanga. Ndinati, "Moto tsopano, msanga!" A NyaSoko sakanatha kuuza amuna awo mawu olamula chotero kuti achokera kwa mkamwana, ndiye anayamba kuwasalaza kaye. Asanafike n'komwe pa "ndapota", chombo chinamenya pansi, n'kunjanja, n'kuyamba kupidiguka, Saturn ikungozungulira pasikirini. A Zgambo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa.

"Tadumpha! Muuzeni mkamwana kuti msewu wa kumeneku ndi woipa kuposa wa ku Euthini."

Ndinaseka nditabisa nkhope m'chitenje. Aka kanali koyamba kuti nthabwala yawo ikhale yolunjika kwa ine, ngakhale inadzera kwina.

Akatswiri amene anatumizapo chombo chenicheni ku Saturn ankavutika chifukwa uthenga wa wailesi umatenga kupitirira ola kuti ukafike kumeneko. Ndimaphunzitsa zimenezi chaka ndi chaka, koma ndinazimvetsa bwino pakhonde paja. Kuchedwa kwathu ife kunali a NyaSoko. Komanso wailesi ya akatswiriwo siwonjezera maganizo ake. Yathuyi nthawi zina inkati, "Akuti mukhotere kumanzere, koma ine ndikuona kuti kumanja kuli bwino, kulibe maenje ambiri." Nthawi zina inkadzuka pakati pa ulendo kukathamangitsa mbuzi pa ufa, ife awiri n'kutsala chete, chombo chikugwa tikuchiona.

Masiku anapita chotero. M'mawa ntchito, masana Kachinkhupule. A Zgambo anasiya kupita ku bawo. Anaphunzira kuyandikira bwino, kuimitsa chombo miyendo pansi, ngakhale kusankha dambo losalala pakati pa maenje. Koma vuto lawo linali limodzi, lomwe lija la pa njinga yamoto. Nthaka ikadzaza sikirini ankadzidzimuka n'kudinikiza batani lalikulu ndi mphamvu zonse, chombo n'kuthawira kumwamba. Ine ndinkadziwa kuti pamenepo sipafunika kuchita chilichonse. Ukatsika pang'onopang'ono, umangochisiya, kamwezi kamachikoka kokha mwaulesi wake. Ndinawatumizira mawu amenewa kangapo, ndipo ankavomera kuti amva, koma nthawi ikafika chala chinkawatsogolera.

Ndinkasangalala masiku amenewo kuposa holide ina iliyonse, komabe chisangalalocho chinali ndi kachisoni mkati. Munthu anali pomwepa, tikuseka chinthu chimodzi, koma sanatembenukepo n'kamodzi komwe kundiyang'ana. Ndinkadziuza kuti akufuna makinawa, osati mwini wake.

Linafika Loweruka lomaliza. Mawa lake titaweruka kutchalitchi ndinayenera kubwerera kusukulu, ndi laputopu yomwe. A Zgambo anavala jekete ngati akupita kumsonkhano.

"Muuzeni kuti lero tifika. Ndikalephera lero, anthu a ku Manyamula adzanditenga ngati munthu wamba."

Anayamba bwino kwambiri. Anatembenuza chombo modekha, n'kuchepetsa liwiro pa nthawi yake popanda wowauza. Mafuta anali atatsala pang'ono chifukwa anazungulirazungulira kufuna malo abwino, moti akanathawiranso kumwamba sakanabwerera. Nambala ya pakona inatsika, n'kutsika, mpaka chombo chinkagwa mwa kayendedwe ka nkhalamba yopita kumunda. Sindinaonepo kutsika kokongola chotero, ngakhale kwanga komwe. Mthunzi wa chombo unaonekera pansi. Khoma la dzenje lalikulu linayamba kukwera m'mbali mwa sikirini, nthaka n'kudzaza ponseponse.

Ndinaona phewa lawo likuuma. Ndinaona chala chikunyamuka.

"Amama, asakhudze, asakhudze!"

A NyaSoko anaika lichero pansi. "Awiske Bennet, mkamwana winu akuti..."

Chala chinali chitafika kale pamwamba pa batani.

"Lekani! Chotsani chala pamenepo!"

Mawuwo anatuluka okha, ndipo sanatuluke a mkamwana. Anatuluka a madamu a Fomu 3, amene ndimaimitsira anyamata akumbuyo akamasewera ndi mawaya. Anamveka mpaka kukhola. Komanso ndinazindikira kuti sindinagwade, ndaimirira, ndipo ndikuwaloza ndi chala.

A Zgambo anauma gwa, dzanja lili m'malere. A NyaSoko anagwira pakamwa. Galu amene anagona pafupi ndi nkhokwe anadzuka n'kuchokapo.

Kukanakhala kuno kwathu, chombo chikanagwa nthawi yomweyo nkhani n'kutha. Koma pa Kachinkhupule zinthu sizifulumira. Chinkatsika pang'onopang'ono, ife atatu palibe woyang'ana mnzake. Ndinabwerera pamaondo mwakachetechete. Nthawi yoganiza ndinali nayo yokwanira. Ndinaganiza za a Bennet akulandira foni ku Joni, za ankhoswe akukwera basi kuchokera ku Dedza, za amayi anga akunena kuti anadziwiratu kuti pakamwa pangapa padzandipalamulira. Zaka ziwiri ndikugwada m'maudzu, mawu anga oyamba kwa apongozi n'kukhala owakalipira!

Miyendo ya chombo inakhudza pansi. Chinanjanja pang'ono, n'kutsikanso, n'kupendekera mbali imodzi ngati chikuganiza, kenaka n'kukhazikika. Nambala ya pakona inafika pa ziro. Kumwamba kwake, Saturn inali itayedzamira pakhoma la dzenje.

Palibe anawomba m'manja. A Zgambo anatsitsa dzanja, n'kuvula magalasi, n'kuwapinda, n'kuwaika m'thumba la jekete. Anadzuka, n'kutsika pakhonde, n'kuzungulira kuseri kwa nyumba.

"Amama, pepani," ndinatero. "Ndapota, kawapepesereni. Sindinafune."

A NyaSoko anatola lichero n'kuyamba kusankha chimanga chimene anali atasankha kale. Ndinadziwa kuti ngati a Zgambo ankafuna chifukwa chondikanira, ndawapatsa ndekha.

Kuseri kunamveka phokoso. Nkhuku zinalira, chidebe chinagubuduzika, munthu anatukwana m'Chitumbuka. Kenaka thadzi lalikulu lamawangamawanga linatulukira pakona likuthamanga, a Zgambo ali pambuyo pake, jekete ikuuluka, chipewa chitagwa kale. Thadzilo linalowa pansi pa nkhokwe, iwo n'kugwada n'kulowetsa mkono, ilo n'kutulukira mbali ina. Ine ndinkangoganiza kuti akufuna kundionetsa kukula kwa nkhuku imene ndilipe pa mlanduwu. Nditayang'ana a NyaSoko ndinaona mapewa awo akugwedezeka, lichero likunjenjemera pamiyendo. Ankaseka.

A Zgambo analigwira thadzilo pafupi ndi mtondo. Anabwera nalo akupuma mwawefuwefu, mawondo a thalauza ali fumbi lokhalokha, nthenga ili m'tsitsi. Sanapite kumpando wawo. Anabwera kumapeto kwa khonde kumene ndinagwada, n'kukhala pansi penipeni, n'kuika thadzilo patsogolo panga atalipana miyendo. Ndipo anandiyang'ana m'maso.

"NyaMbewe," anatero. "Mlomo wajurika kale, watseguka, tonse tamva. Nkhukuyi yangochedwa waka. Landira, mwana wane."

Ndinalandira ndi manja awiri. Thadzilo linali lofunda, mtima wake ukugunda ngati wanga.

"Inachedwa chifukwa cha mantha a eni ake," anatero a NyaSoko, akupukuta maso. "Chaka chino chonse ndikuwauza. Iwo akuti, madamu a fizikisi ndikawatsegula pakamwa ndicheza nawo chiyani, ine wa Sitandade 5? Ndidzangochita manyazi."

"Iwe NyaSoko, ntchito yako yatha," anatero a Zgambo. "Wailesi yako yatigwetsa sabata yonse."

"Yewo chomene. Ndikapume, khosi landipweteka ndi kutembenuka."

A Zgambo anatembenukiranso kwa ine. "Sono yowoya. Yankhula, tikumve bwinobwino, osati za kukalipa zokha."

Ine Lucia, amene ndinayamba kuyankhula mano asanamere, amene ndinasunga mawu a zaka ziwiri, ndinatsegula pakamwa n'kupeza mulibe kanthu. Misozi ndi imene inabwera, yambiri, yogwera pa nthenga za nkhuku. Ndinali wokondwa moti pachifuwa pankandipweteka. A Zgambo anasokonezeka, n'kuyang'ana akazi awo.

"Kodi ndalakwitsa nkhuku? Amafuna mbuzi?"

Pamenepo ndinaseka, misozi ili m'masaya, ndipo tonse atatu tinaseka mpaka thadzi linayamba kupalapata.

A Zgambo anadzuka, n'kudzikuntha fumbi, n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi mpando wachiwiri n'kuuika pambali pa wawo, patsogolo pa katebulo. Ndinapereka nkhuku kwa a NyaSoko n'kukakhalapo, cham'mphepete. Pasikirini chombo chathu chinali chili pomwe paja, chopendekeka pang'ono, pakati pa maenje. A Zgambo anavalanso magalasi n'kuchiyang'ana monyadira, ndipo anandiuza kuti ndichijambule pafoni, Bennet aone, ndi a ku bawo omwe aone.

Kenaka analoza Saturn ndi chala chomwe chija.

"Chimpira ichi, timiyezi totere chili nato tingati?"

"Tambirimbiri, adada."

Mawu akuti adada ananditulukira mosavuta, ngati ndakhala ndikuwatchula moyo wanga wonse. Iwo anamva. Anangokhosomola n'kukonza magalasi amene anali kale bwinobwino.

"Mbwenu tili ndi ntchito," anatero. "Holide ya Disembala usachedwe. Tsopano tandiuza, mwana wane, pano tinyamuka bwanji?"

Ndinakokera mpando pafupi, n'kuyamba kuwauza.